Mutu 14: Mayeso a Msanga ndi Mayeso Athunthu pa Ntchito Yolemba Mapulogalamu a Kompyuta

Munthu woyenda mu msewu wochokera ku Mangochi boma kulowera ku Monkey Bay akafika cha ku Makokola amaona nyanja, mahotela a alendo, asodzi ndi amayi ogulitsa nsomba. Chimene sachiona ndi kuchuluka kwa mapulogalamu a kompyuta amene akugwira ntchito m'dera lomweli usana ndi usiku. Wogula chambo amalipira pa Airtel Money kapena pa TNM Mpamba. Wolandira alendo ku hotela amalemba mayina awo mu kompyuta. Malipoti a mwezi ndi mwezi a zipatala monga cha Koche ndi cha Monkey Bay amakathera mu DHIS2, pulogalamu yochokera ku University of Oslo ku Norway imene Unduna wa Zaumoyo umasonkhanitsiramo ziwerengero za dziko lonse.

Mapulogalamu onsewa analembedwa ndi anthu, ndipo anthuwo akuwasinthabe mpaka lero. Apa awonjezerapo, apo akonza cholakwika. Vuto lake n'lakuti pulogalamu yaikulu ili ndi mbali zambirimbiri zodalirana, moti ukakonza kuno, kwina kumene sunakukhudze n'komwe kumatha kuwonongeka. Mutu uno ukufotokoza mmene olemba mapulogalamu amadziwira kuti sanawononge kanthu, chifukwa chake njira imeneyi imayamba kuchedwa pakapita nthawi, ndiponso mmene amaifulumizitsira poigawa pawiri.

Pulogalamu yoyesa inzake

Kale, wolemba pulogalamu akasintha kanthu ankaitsegula n'kuyamba kudina apa ndi apo kuti aone ngati zonse zikuyenda. Njira imeneyi ikadalipo, koma munthu amatopa, amaiwala, ndipo sangabwereze zinthu 1,000 tsiku lililonse. N'chifukwa chake masiku ano amalemba pulogalamu ina imene ntchito yake ndi kufunsa inzake mafunso amene mayankho ake ndi odziwika kale. Mafunso amenewa akaikidwa pamodzi ndiwo mayeso, ndipo kompyuta imawayendetsa yokha.

Titenge chitsanzo cha kwathu konkuno. Kuyambira mu 2007, mankhwala oyamba kupatsidwa kwa wodwala malungo amene sanafike poopsa m'Malawi ndi LA, ndipo kuchuluka kwa mapiritsi kumatengera kulemera kwa wodwalayo. Wolemera makilogalamu 5 koma osafika 15 amamwa piritsi limodzi pa nthawi, wa 15 osafika 25 amamwa awiri, wa 25 osafika 35 amamwa atatu, ndipo wa 35 kupita m'tsogolo amamwa anayi. Tiyerekeze kuti gulu la achinyamata lalemba pulogalamu yothandiza wa zachipatala kuwerengera zimenezi. Funso loyamba la mayeso lingakhale lakuti: mwana wa makilogalamu 14.9, mapiritsi angati? Yankho loyembekezeka ndi 1. Lachiwiri: nanga wa makilogalamu 15 enieni? Yankho ndi 2. Lina: munthu akalakwitsa n'kulemba 700 m'malo mwa 70, pulogalamu ikane, isavomere. Mafunso ambiri amaunjikana m'malire, pa 15, pa 25 ndi pa 35, chifukwa m'malire ndi mmene zolakwika zimakonda kubisala.

Funso lotere kompyuta imaliyankha m'kuphethira kwa diso. Silifuna intaneti, silitsegula fayilo, silidikira china chilichonse. Olemba mapulogalamu amalitcha unit test. Chida chimene chinafalitsa kwambiri mchitidwe umenewu ndi JUnit, chimene Kent Beck ndi Erich Gamma analemba mu 1997 ali m'ndege yochokera ku Zurich kupita ku Atlanta. Mayankho onse akakhala olondola, pa sikirini pankaoneka mzere wobiriwira. Limodzi lokha likalakwika, mzerewo unkafiira. Mpaka lero olemba mapulogalamu amafunsana ngati mayeso ali obiriwira kapena afiira.

Kuchedwa kumachokera kuti?

Si mafunso onse amene ali opepuka chotero. Pali ena ofuna kuona ngati dzina la wodwala lasungidwadi mu database, kumene pulogalamu imasungira zonse zolembedwa. Kuti funso lotere lifunsidwe, database iyenera kutsegulidwa, kudzazidwa ndi mayina ongopeka, kenako kupukutidwa kuti funso lotsatira liipeze yoyera. Ena amatumiza uthenga pa netiweki n'kudikira yankho. Olemera koposa onse ndi amene amatsanzira munthu weniweni: amatsegula pulogalamu yonse, kulemba dzina ndi nambala yachinsinsi, kufufuza wodwala, kudina mabatani, mpaka kusindikiza kapepala. Limodzi lokha lingadye theka la mphindi kapena kuposerapo.

Masamu ake ndi osavuta. Tiyerekeze kuti gulu lija lili ndi mafunso opepuka 2,000, ndipo 100 alionse amatha m'sekondi imodzi. Onse pamodzi ndi masekondi 20. Lilinso ndi mafunso olemera 200, lililonse la masekondi 30. Amenewo ndi masekondi 6,000, kutanthauza mphindi 100. Mafunso ochepa ndiwo adya pafupifupi nthawi yonse, ndipo ambiri aja, amene akanatha munthu asanamalize kumwa madzi, akudikira nawo pamzere.

Kuchedwa kumeneku kumasintha khalidwe la anthu. Mayeso a masekondi 20 munthu amawayendetsa nthawi iliyonse akasintha kanthu, ndipo akafiira amadziwiratu polakwika, chifukwa ndi pomwe wangogwira kumene. Mayeso a mphindi 100 amawayendetsa poweruka, kenako kamodzi pa sabata, kenako amangoti tidzaona Lachisanu. Pofika Lachisanulo anthu asanu asintha malo 40, mayeso afiira, ndipo palibe akudziwa kuti mwini wa cholakwikacho ndani. Tsiku lonse limathera pofufuza chimene chikanapezeka m'mphindi imodzi Lolemba.

Kuno kwathu palinso china. Magetsi athu ambiri amachokera pa mtsinje wa Shire, umene umayambira pa Mangochi pomwepa, ku malo opangira magetsi a Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Namondwe wa Ana atawononga Kapichira mu Januwale 2022, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130, ndipo kuthimathima kunakula kwa nthawi yoposa chaka. Wolemba mapulogalamu amene akudalira batire ya laputopu ndi bandulo ya pa foni sangayembekeze kuti mayeso a maola awiri afika kumapeto tsiku lililonse. Kwa iye mayeso aafupi ndi okhawo amene ali ndi chitsimikizo chakuti atha.

Mmene a chipatala amachitira

Nzeru yogawa mayeso pawiri aliyense wa ku Mangochi anaionapo ku chipatala. Kuyambira mu 2011, zipatala zing'onozing'ono za m'dziko muno zimayeza malungo ndi kachipangizo kodonthezerapo magazi a pa chala, ndipo yankho limatuluka pakatha mphindi 15 kapena 20. Kachipangizoka kamangonena ngati malungo alipo kapena ayi, koma zimenezo n'zokwanira kuti odwala ambiri athandizidwe tsiku lomwelo. Maikulosikopu ya ku labotale sinatayidwe. Ndiyo imaonetsa mtundu wa tizilombo ndi kuchuluka kwake m'magazi, ndipo imafunika pamene wodwala wadwalika kapena sakuchira. Akanati aliyense wotentha thupi azidikira maikulosikopu, mzere sukanatha; akanati maikulosikopu ichotsedwe, odwala ena akanatayika. Njira ziwirizi zili ndi nthawi yake iliyonse, ndipo mayeso a mapulogalamu amagawidwa ndi maganizo omwewo.

Kugawa kwake

Gawo loyamba ndi mayeso a msanga. Amayendetsedwa pa kompyuta ya wolemba mwiniwake asanatumize zimene wasintha kwa anzake, n'kubwerezedwanso pa seva, kompyuta ya gulu lonse, zikangofika. Gawo lachiwiri ndi mayeso athunthu, okhala ndi mafunso onse, opepuka ndi olemera omwe. Amenewa amayendetsedwa ndi seva payokha, kaya usiku anthu atagona, kaya pambuyo poti a msanga aja akhoza, ndipo mosalephera pulogalamu isanaperekedwe kwa oigwiritsa ntchito. Zida monga Jenkins ndi GitHub Actions zimagwira ntchito imeneyi popanda wozikumbutsa.

Nanga funso limaikidwa kuti? Michael Feathers anapereka muyeso wosavuta mu 2005: funso likalankhula ndi database, likadutsa pa netiweki, likakhudza mafayilo, kapena likalephera kuyenda nthawi imodzi ndi anzake, silili m'gulu la opepuka. Kampani ya Google inagawa mayeso ake patatu: ang'ono, apakati ndi aakulu. Ang'ono saloledwa kukhudza netiweki kapena database ndipo malire awo ndi masekondi 60. Apakati amaloledwa kulankhula ndi zinthu za mu kompyuta yomweyo basi, ndipo malire awo ndi masekondi 300. Aakulu amapatsidwa masekondi 900 kapena kuposerapo. Ubwino wa miyeso yotere ndi wakuti simadalira maganizo a munthu. Kompyuta ikhoza kuitsata yokha n'kukana funso lolowa m'gulu losayenera.

Pa za nthawi, akatswiri ambiri amagwirizana pa mphindi 10. Kent Beck anaiika ngati lamulo la ntchito m'buku lake la Extreme Programming Explained lotuluka kachiwiri mu 2004, ndipo Jez Humble ndi David Farley, m'buku la Continuous Delivery la 2010, analimbikitsa kuti gawo loyamba lisapitirire pamenepo, makamaka lizikhala lalifupi kuposa apo. Chifukwa chake chili mwa munthu, osati mwa makina. Mphindi zochepa munthu amadikira maganizo ake akadali pa ntchito yomweyo. Zikachuluka amayamba zina, ndipo yankho likamafika amakhala ataiwala chimene ankakonza.

Zida zolembera mapulogalamu zinakonzeratu njira yogawira. Olemba m'chiyankhulo cha Python amaika chizindikiro pa mafunso ochedwa, n'kuuza pulogalamu yoyendetsa mayeso yotchedwa pytest kuti iwadumphe. Pytest yomweyo imathanso kutchula mafunso amene adya nthawi yambiri. Olemba mu Java pogwiritsa ntchito Maven ali ndi Surefire ya mafunso opepuka ndi Failsafe ya olemera. Choncho poyambira si kugula kompyuta yamphamvu ayi, koma kuyeza nthawi ya funso lililonse. Kawirikawiri pamapezeka mafunso owerengeka amene anauzidwa kuti azigona masekondi angapo podikira yankho, kapena amene amamanganso database yonse pofuna kuyesa kuwerengera kumodzi. Ena mwa amenewa sasowa n'kusamutsidwa komwe. Akalembedwa bwino amasanduka opepuka. Mike Cohn, m'buku lake la 2009, anajambula piramidi posonyeza kuti mafunso opepuka azikhala ochuluka pansi, ndipo otsanzira munthu azikhala ochepa pamwamba.

M'gawo la msanga ndi bwino kuikamonso mafunso olemera awiri kapena atatu osankhidwa mosamala: kodi pulogalamu ikutseguka? Kodi munthu akutha kulowa? Kodi wodwala mmodzi akulembetsedwa mpaka kumapeto? Zimenezi zikakanika, palibe chifukwa chodikirira usiku.

Chitsanzo chimene chili m'thumba mwanu

Ngati muli ndi foni ya Android kapena iPhone, muli ndi SQLite, ka database kakang'ono kamene D. Richard Hipp anayambitsa m'chaka cha 2000. Mapulogalamu ambiri a m'foni amasungiramo mauthenga, manambala ndi zina zotero. Eni ake analengeza mu 2023 kuti mizere ya mayeso awo inali yochuluka maulendo 590 kuposa mizere ya SQLite yeniyeniyo. Mwa mayesowo muli ena otsanzira kuthima kwa magetsi pakati pa kusunga, ena otsanzira kudzaza kwa malo osungira, ndi ena oponyera pulogalamuyo zinthu zosokonekera dala kuti aone ngati igwa.

Mayeso ochuluka chotero sangayendetsedwe pa kusintha kulikonse. Choncho olemba SQLite anapatula kagawo kamene amakatcha veryquick, kamene kamatha m'mphindi zochepa, ndipo ndi kamene amayendetsa asanalowetse zimene asintha. Mayeso athunthu, ofika mafunso mamiliyoni ambirimbiri pa makompyuta a mitundu yosiyanasiyana, amadikira nthawi yotulutsa SQLite yatsopano. Kagulu kakang'ono ka anthu kakusamalira pulogalamu imene ili m'mafoni mabiliyoni, ndipo sikanasankhe pakati pa liwiro ndi kusamala. Kanangopatsa chilichonse nthawi yake.

Misampha yake

Kugawa mayeso kuli ndi ngozi imodzi yaikulu: anthu amayamba kukhulupirira mzere wobiriwira wa mayeso a msanga n'kuiwala athunthu. Usiku mayeso athunthu afiira, m'mawa aliyense aganiza kuti mnzake aona, ndipo pakatha mwezi kufiirako kwasanduka chizolowezi. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Mayeso a msanga amangotsimikiza kuti mbali iliyonse payokha ili bwino. Sanena ngati mbalizo zikumvana zikalumikizidwa.

Pa 4 Juni 1996, roketi ya Ariane 5 inanyamuka koyamba ku Kourou m'dziko la French Guiana, n'kuphulika patangopita masekondi pafupifupi 40, pamodzi ndi masetilaiti anayi a Cluster amene inanyamula. Pulogalamu yoyeza kayendedwe kake inatengedwa ku Ariane 4, kumene inkagwira bwino ntchito. Koma roketi yatsopanoyi inkathamanga mosiyana, nambala ina inakula kupitirira malo amene inakonzeredwa, ndipo makompyuta onse awiri oyeza kayendedwe anasiya kugwira ntchito. Komiti yofufuza, yotsogozedwa ndi Jacques-Louis Lions, inapeza kuti chipangizocho sichinayesedwe ndi njira yeniyeni imene Ariane 5 inkayenera kuuluka. Mayeso otero akanaonetsa vutoli roketi ikadali pansi.

Msampha wachiwiri ndi mafunso osakhazikika, amene lero akhoza, mawa alephera, popanda chimene chasintha. Amakonda kupezeka pakati pa olemera, chifukwa amadalira netiweki ndi nthawi. Google inanena mu 2016 kuti pa maulendo 1,000 alionse oyendetsa mayeso, pafupifupi 15 ankapereka yankho losakhazikika. Kuipa kwake n'kwakuti anthu amazolowera kunena kuti ingobwerezani, ndipo tsiku limene kufiira kuli kwenikweni amangobwerezanso. Funso lotere liyenera kupatulidwa, kulembedwa dzina la woti alikonze, ndi kupatsidwa tsiku.

Magulu amene zimawayendera amasunga malamulo ochepa. Mayeso athunthu amakhala ndi nthawi yoikika ndi munthu woona zotsatira zake m'mawa uliwonse. Akafiira, kukonza kumayamba ntchito ina isanagwiridwe. Cholakwika chikagwidwa ndi mayeso athunthu, gulu limadzifunsa ngati funso lopepuka likanachigwira, ndipo ngati ndi choncho limalilemba tsiku lomwelo. Potsiriza, pulogalamu situluka mayeso athunthu asanakhoze, ngakhale bwana atakakamiza bwanji. Kuthamanga sikufika.

Zoyenera kuyesedwa kwathu kuno

Malawi si mlendo pa ntchito yolemba mapulogalamu akuluakulu. Bungwe la Baobab Health, limene Gerry Douglas anayambitsa, linayamba mu 2001 kuika makompyuta odina ndi chala pa sikirini ku chipatala chachikulu cha ku Lilongwe, chimene pano ndi Kamuzu Central Hospital. Pambuyo pake njira imeneyi inafalikira m'zipatala zambiri zopereka ma ARV, ndipo ambiri mwa olemba mapulogalamuwo anali Amalawi. Ku Neno, bungwe la Partners In Health, lodziwika kuti Abwenzi Pa Za Umoyo, limagwiritsa ntchito OpenMRS. Chaka ndi chaka masukulu a UNIMA, MUBAS, MUST ndi Mzuzu University amatulutsa achinyamata ophunzira za makompyuta, ndipo malo monga mHub ku Lilongwe, amene Rachel Sibande anakhazikitsa, amawasonkhanitsa pamodzi.

Achinyamata amenewa ali ndi mafunso amene mnzawo wa ku London sangawaganizire msanga. Ku Mangochi kuli mayina ambiri okhala ndi kachizindikiro kodulira, monga M'bwana ndi M'madi, ndipo pulogalamu yolembedwa mosasamala imatha kukana dzina lotere kapena kulisokoneza posunga. Kuli agogo amene sadziwa tsiku lawo lobadwa, amangokumbukira kuti chinali chaka cha njala; pulogalamu iyenera kulandira chaka chongoyerekeza. Kuli odwala awiri a dzina limodzi ochokera m'mudzi umodzi. Zonsezi ndi mafunso opepuka, oyenera kulowa m'mayeso a msanga ndi kufunsidwa tsiku lililonse.

Ena ndi olemera. Chimachitika n'chiyani magetsi akathima namwino ali pakati posunga? Netiweki ikaduka kwa masiku atatu, kodi zolembedwa ku chipatala cha kumudzi zidzafika zonse ku boma, popanda kubwerezeka kapena kusowa? Wogula akatumiza ndalama pa foni uthenga wotsimikiza n'kuchedwa, kodi sadulidwa kawiri akayesanso? Kodi pulogalamu ikuyenda pa foni yakale ya malo ochepa? Mafunso amenewa amadya nthawi chifukwa amafuna kutsanzira mavuto enieni, ndipo malo ake ndi m'mayeso athunthu. Ndi omwenso amayamba kudumphidwa nthawi ikachepa, chonsecho ndiwo amateteza wodwala ndi wogula.

Owerenga ambiri a buku lino sadzalemba pulogalamu, koma ena adzakhala m'makomiti a sukulu, a SACCO, a chipatala kapena a khonsolo amene adzalembe ntchito munthu woti awapangire. Musanasaine mgwirizano, mufunseni zinthu ziwiri. Choyamba: mukasintha kanthu, mumadziwa pakapita mphindi zingati kuti simunawononge? Chachiwiri: mayeso anu athunthu mumayendetsa liti, ndipo amaona zotsatira zake ndani? Wodziwa ntchito yake adzakuyankhani ndi manambala ndi dzina la munthu, n'kukuonetsani pa sikirini. Akayamba kuzungulirazungulira, sungani ndalama zanu mufunefune wina.